Boti lodzipangira nokha: pulayiwudi, mapanelo a fomu kapena faiba ya m'chikombole?

Munthu wa m'mphepete mwa nyanja akafuna boti amapita kwa mmisiri wapadoko. Matabwa amagulidwa, boti limakhomedwa pamchenga pomwepo n'kulikankhira m'madzi, ndipo limakhala komweko mpaka kukalamba. Ife a mu Lilongwe tilibe doko. Boti lathu lipangidwe kuseri kwa nyumba ku Area 25 kapena ku Likuni, lituluke pageti, likwere pikiapu kapena ngolo, litsike zitunda za msewu wa M14 makilomita pafupifupi 120 mpaka ku Senga Bay, ligwire ntchito Loweruka ndi Lamlungu, kenako libwerere kudzagona pabwalo. Kulemera kwake tsono ndi nkhani yaikulu, n'chifukwa chake ambiri akangoyamba kufufuza pa intaneti maso amathamangira kumapanelo opepuka a fomu ndi faiba.

Ine ndikuona kuti sikelo yokha singakusankhireni njira. Mafunso awiri amene ayenera kutsogola ndi awa: boti limeneli lizikocheza pati, ndipo likabooka adzalimata ndani, ndi zipangizo zochokera kuti?

Panelo imene tikunena ili ngati chitseko cha fulashi: timabolodi tiwiri topyapyala kunja, pakati chinthu chopepuka chongotalikitsa mbali ziwirizo. Pa boti, makungu awiriwo ndi nsalu ya faiba yonyowetsedwa ndi rezini (guluu wamadzimadzi amene akauma amalimba ngati pulasitiki), ndipo pakati pamakhala fomu yolimba ya PVC, mtengo wopepuka wa balsa, kapena pulasitiki wa zibowo ngati malesa a njuchi. Funde likamenya, khungu limodzi limakokeka, linalo limapanikizika, chapakaticho n'kumagwira kuti awiriwo asaterereke. Mukatalikitsa makunguwo kawiri, kuuma kwa paneloyo kumakwera pafupifupi kanayi, pomwe kulemera kwangowonjezeka pang'ono. Nzeru yonse yagona pamenepo, ndipo chofooka chake chagonanso pomwepo: khungu likangosiyana ndi fomu, mphamvu yatha.

Kuitanitsa mapanelo opangiratu

Iyi ndi njira yachangu kuposa zonse. Kampani ya ATL Composites ya ku Australia, mwachitsanzo, imapanga mapanelo otchedwa DuFLEX a mamilimita 1200 m'lifupi ndi 2400 m'litali, makungu ake atapanikizidwa kale pamakina otentha. Mukawatumizira pulani, makina oyendera kompyuta amadula chidutswa chilichonse, inu n'kumangolumikiza. Palibe mmisiri wapamanja angayale faiba mofanana chonchi.

Vuto lake aliyense wochita bizinesi muno akulidziwa. Zonsezi n'zolipira m'ndalama zakunja, ndipo amene anali pakati pa ntchito mu November 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, sanaiwale mmene bajeti imasungunukira usiku umodzi. Onjezani bokosi lalikulu loyenda pasitima mpaka ku Beira kapena Dar es Salaam, lole, ndi msonkho wa pachipata. Ndiye mukalakwitsa kudula panelo imodzi, simungathamangire ku Malangalanga kukagula ina. Kwa mwini loji amene akufuna boti la mathupi awiri la mamita 9 kapena 10 lonyamula alendo, njira iyi ili ndi nzeru, chifukwa kilogalamu iliyonse yopulumutsidwa ndi petulo wopulumutsidwa zaka zambiri. Kwa boti la mamita anayi lopitira kukawedza ndi ana, ndi ndalama zotayika.

Ngati mwasankhabe njirayi, chapakati chikhale fomu. Balsa ndi wolimba kwambiri, koma ndi mtengo, ndipo madzi akalowa pa kabowo ka bauti amawola mwakachetechete mkati. Pulasitiki wa malesa uja, monga Nidaplast, sawola ndipo ndi wotsikirapo mtengo, koma amayenera pansi popondapo, mipando ndi denga kusiyana ndi pamimba pa boti lothamanga.

Kudzipangira mapanelo patebulo

Apa mumaitanitsa fomu yokha, monga Divinycell, Airex kapena Corecell, pamodzi ndi nsalu ndi rezini, kawirikawiri kuchokera ku Johannesburg kapena Durban, mapanelo n'kupanga nokha. Si njira yachilendo. Derek Kelsall anapanga boti la mathupi atatu lotchedwa Toria ndi fomu ndi faiba, n'kupambana nalo mpikisano wozungulira Britain mu 1966, ndipo pambuyo pake anaphunzitsa anthu ambiri kuyala mapanelo aatali ngati boti lenilenilo patebulo losalala.

Tebulo limakhala la bolodi la melamine lopakidwa phula kuti rezini asamatirire. Mumayala nsalu, kuinyowetsa, kugoneka fomu, kuyalanso nsalu ina pamwamba, kenako kufunditsa zonse ndi pepala la pulasitiki lomatidwa m'mbali n'kupopa mpweya wonse wamkati. Mpweya wakunja ndi umene umapanikiza. Kunyanja yamchere umafika matani 10 pa sikweya mita. Kuno ku Lilongwe, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, ndi matani ngati 9, ndipo ngakhale mutapeza theka lake lokha, palibe mulu wa njerwa ungafanane nawo. Kompuresa ya firiji yakale imatha kugwira ntchito ya pampu. Koma pampuyo iyenera kulira osaima mpaka rezini atauma, maola angapo, ndipo magetsi akathima pakati, fomu imadzuka, mpweya n'kulowa. Musayambe panelo popanda jenereta kapena batire ndi inveta pambali.

Popanda pampu n'zothekanso. Muyambe mwapaka fomu ndi rezini wokhuthalitsidwa kuti atseke timaenje take, kenako nsalu. Ikauma tengani kobiri muzigogoda paliponse. Pomwe pagwira bwino pamalira mwakuthwa. Pomwe pali mpweya pamamveka phuu, ndipo pamenepo m'pofunika kusema n'kumatanso.

Tiyeni tiwerenge kulemera. Fomu ya mamilimita 10, ya makilogalamu 80 pa kiyubiki mita, imalemera magalamu 800 pa sikweya mita. Nsalu ya magalamu 400 mbali iliyonse, ndi rezini wolemera chimodzimodzi ndi nsaluyo, zimawonjezera kilogalamu imodzi ndi magalamu 600. Ndi rezini amene fomu imamwa, mumafika makilogalamu atatu. Pulayiwudi wa mtengo wa okoume wa mamilimita 9, atakutidwa ndi nsalu yopyapyala kunja, amafika makilogalamu asanu. Pa boti la mamita anayi ndi theka, lodya masikweya mita 13 kapena 14, kusiyana kwake ndi makilogalamu osakwana 30, osafika ngakhale thumba limodzi la chimanga.

Tsono makilogalamu amenewo sakhalitsa. Nsalu ya magalamu 400 imapereka khungu lokhuthala theka la milimita basi. Boti lokhala pamadzi akuya litamangidwa pa nangula silidandaula nazo. Koma nyanja yathu ndi yokocheza pamchenga, yokokera boti kumtunda madzulo aliwonse, ndipo mukapita ku zilumba za Maleri kapena Namalenje mumatsikira pamiyala. Mwala wosongoka umaboola khungu lotere, ndipo kuti zisatero mumayalanso nsalu ina ndi ina pamimba, mpaka theka la phindu lija lapita. Palinso ntchito imene pa makanema a YouTube saionetsa nthawi yaitali. Fomu sigwira sikuluwu. Paliponse podutsa bauti, pomangira chingwe, popalasira nkhafi, ndi thabwa lonse lakumbuyo lokolekapo injini, muyenera kukumba fomu n'kulowetsapo pulayiwudi kapena faiba yokhayokha. M'mphepete monse mwa panelo m'mofunika kutseka. Nthawi yambiri ya ntchitoyi imathera pa tinthu timeneti.

Ubwino wake weniweni sindingaubise: fomu siwola, chiswe sichiidya, ndipo boti lake limayandama ngakhale litadzaza madzi. Munthu amene anapangapo boti limodzi, amene manja ake azolowera rezini, ndipo akufuna kaboti ka thanga kothamanga kapena konyamula yekha padenga la galimoto, apite njira imeneyi ndi mtima wonse.

Pulayiwudi, epoxy ndi nsalu ya faiba

Anthu ena amaiona ngati njira ya osauka, koma nayonso ndi panelo ya zinthu zophatikiza, kungoti chapakati chake ndi mtengo wokhala ndi mphamvu yakeyake. Kapangidwe kake n'kosoka ndi kumata. Kanatchuka ndi kaboti ka Mirror ku England kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, kojambulidwa ndi Jack Holt ndi Barry Bucknell, ndipo timaboti timeneti topitirira 70,000 tapangidwa, tambiri m'magalaja a anthu wamba.

Mumajambula zidutswa pabolodi motsatira pulani, kudula, n'kuboola timabowo m'mphepete motalikirana ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Kenako mumasoka ndi waya wa kopa kapena timalamba tapulasitiki tomangira mawaya. Apa m'pamene pamasangalatsa. M'mawa munali ndi mabolodi afulati ali gone pansi, mukamakoka waya mmodzimmodzi kuyambira kutsogolo, mabolodi aja amayamba kupindika okha, mphuno imadzuka, mbali zimatseguka, ndipo pofika masana anthu odutsa panjira ayamba kusuzumira pampanda kufunsa kuti, "Achimwene, limeneli likalowa madzi ake ati?" Mukaonetsetsa ndi chingwe kuti silinapotoke, mumasakaniza rezini wotchedwa epoxy ndi fumbi losefa la matabwa mpaka alimbe ngati chiponde, n'kumupaka m'makona ndi kumbuyo kwa supuni kuti pakhale poterera. Pamwamba pake tepi ya faiba, mkati ndi kunja. Waya uja mumazula, ndipo boti lilibe msomali ngakhale umodzi.

Zida zake n'zomwe kalipentala aliyense wa ku Mchesi ali nazo: sowo, pulena, chobowolera, sandipepa ndi zopanira. Pulayiwudi amagwira sikuluwu, amapirira kugunda mwala kusiyana ndi khungu lopyapyala la pa fomu, ndipo pakabooka mumadula chigamba n'kumata tsiku lomwelo. Pa boti la mamita anayi kapena asanu, mapulani ambiri amafuna mamilimita 6 m'mbali ndi 9 pansi.

Nkhondo yonse ili pa pulayiwudi mwiniyo. Woyenera ndi wapamadzi, wokhala ndi chidindo cha BS 1088, nthawi zambiri wa mtengo wa okoume wochokera ku Gabon. Ameneyu sapezeka wamba mumzinda muno. Wambiri amene ali m'mahadiweya ndi wa siling'i, makabati ndi wothirira konkire. Mukafunsa kuti, "Bambo, ameneyu amapirira madzi?" yankho limakhala lakuti, "Kwambiri, bwana," ndipo wogulitsayo sakunama dala, kungoti madzi amene akuganiza iye ndi mvula ya tsiku limodzi. Gulani bolodi limodzi kaye. Yang'anani m'mbali mwake: mizere ya guluu ikhale yakuda, chifukwa guluu wosamva madzi amaoneka choncho, pasakhale mipata pakati pa timatabwa, ndipo bolodi la mamilimita 6 likhale ndi timatabwa tisanu tofanana kukhuthala, osati titatu tokhala ndi kamodzi konenepa pakati. Kenako dulani tizidutswa tingapo ngati bokosi la machesi, muponye mumphika muwiritse ola lathunthu kapena awiri. Muumitse padzuwa, mawa muwiritsenso. Wa guluu wamba amatuluka atayasamula, timatabwa tikusendeka ndi chala. Amene watuluka ali chigwirire, ngakhale mutalowetsa nsonga ya mpeni, mukhoza kumudalira. Akakhala wa paini adzakhala wolemerapo ndipo nkhope yake imachita ming'alu padzuwa, choncho mumukute ndi nsalu mbali zonse ziwiri.

Mdani wa boti la pulayiwudi si nyanja kwenikweni koma mvula ya pabwalo panu. Madzi a mvula odikha m'boti amawoletsa mtengo msanga, ndipo boti losiyidwa chagada kuyambira December mpaka March limasanduka thamanda. Ligoneni chafufumimba pa mipando yokwera, lisakhudze dothi chifukwa cha chiswe. Mtengo wonse upakidwe epoxy katatu, makamaka m'mphepete modulidwa. Bowo la bauti muliboole lokulirapo, mulidzaze epoxy, akauma muboolenso laling'ono pakati pake, kuti madzi asaone mtengo. Boti losamalidwa motere limatha zaka zambiri. Lonyalanyazidwa limafewa pansi pa mipando pakangopita dzinja ziwiri kapena zitatu.

Nkhani ya rezini

Apa m'pamene ambiri amagwa, chifukwa yesero lili pafupi. Rezini wa polyester amapezeka kwa owongola magalimoto ku Biwi, amene amamatira mabampala, ndipo mtengo wake ndi wotsika kangapo poyerekeza ndi epoxy. Pa faiba yokhayokha ndi wabwino. Pa pulayiwudi samatirira mokwanira: mtengo ukamatupa ndi kunyala, khungu lija limayamba kusendeka, madzi n'kubisala kunsi kwake. Pa boti losoka, rezini ndiye misomali yanu, ndiye pamenepa sipopulumutsira ndalama. Epoxy wake akhale woyalira nsalu, wamadzimadzi, wobwera m'zigubu ziwiri. Timachubu tiwiri touma m'mphindi zisanu tija si ameneyo, ngakhalenso penti wa epoxy wopaka pansi m'mafakitale.

Epoxy salola kuyerekeza ndi maso. Ngati chigubu chanena 5 kwa 1 kapena 2 kwa 1, tsatirani ndendende, muone ngati akunena za kulemera kapena kuchuluka, ndipo mugule sikelo yaing'ono ya kukhitchini. Kuwonjezera choumitsira sikufulumizitsa kanthu, kumangosiya rezini wosalimba mpaka kalekale. Polyester ndi wina: amauma ndi madontho a choumitsira chotchedwa MEKP, gawo limodzi kapena awiri pa 100 alionse, ndipo sachedwa kuwonongeka m'chigubu, miyezi ingapo basi, pomwe epoxy amasungika zaka. Dziwaninso kuti epoxy amagwira pa polyester wouma, koma polyester pa epoxy sagwira bwino. Nsalu ya faiba ya ulusi womwazikana, yosalukidwa, inapangidwira polyester. Pa epoxy gulani yoluka kapena yosokedwa mopingasa.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, nthawi yogwirira ntchito imatsika pafupifupi ndi theka. Mu October, pansi pa malata, kapu yodzaza epoxy imayamba kufunda m'manja musanafike pakati pa ntchito, kenako imatentha yosagwirika, kufuka utsi, pulasitiki n'kukwinyika, burashi itaima chilili mkati. Sakanizani pang'onopang'ono, ndipo mukasakaniza thirani m'mbale yotambalala. Mu June ndi July ndi mosiyana: usiku kumazizira mpaka epoxy amagona osauma. Popaka mtengo wosapakidwapo, dikirani dzuwa lipendeke, chifukwa m'mawa mtengo ukamafunda umatulutsa mpweya umene umasiya tithovu. M'dzinja chinyezi chimasiya kanthu konga mafuta pamwamba pa epoxy wouma. Tsukani ndi madzi musanakwecheko. Pomaliza penti, chifukwa dzuwa limadya epoxy, ndipo akhale woyera. Penti wakuda padzuwa la ku Salima amatenthetsa thupi la boti mpaka rezini ndi fomu kufewa.

Thupi lanunso lisamaleni. Magolovesi nthawi zonse, popeza epoxy akazolowera kukhudza khungu amayambitsa ziwengo zosatha. Magalasi pothira MEKP, chifukwa dontho limodzi likhoza kuwononga diso. Masiki pokwecha, ndipo ana asasewere pafumbi limenelo.

Faiba yokhayokha, ndi boti la matabwa

Maboti a faiba amene mumawaona m'maloji ndi pamadoko ambiri ndi oumbidwa m'chikombole ndi polyester, opanda chapakati. Nsalu yomwazikana ya magalamu 450 imamwa rezini woposa kawiri kulemera kwake n'kupereka milimita imodzi, ndiye thupi la mamilimita asanu limafika makilogalamu 7 kapena 8 pa sikweya mita. Ndi lolemera, koma limapirira nkhanza, ndipo wowongola magalimoto aliyense ku Salima akhoza kulimata. Chovuta n'chakuti kuti mupeze boti limodzi mumapanga katatu: chifanizo cha matabwa, chikombole pamwamba pake, kenako boti. Kwa gulu la asodzi kapena anzanu angapo amene mukufuna maboti khumi ofanana, masamu ake amatuluka bwino. Kwa munthu mmodzi, pokhapokha atabwereka chikombole kwa mwini wake.

Boti la matabwa ndiye muyeso woyezera zonsezi. Amisiri apadoko, ndi a ku Mpwepwe ku Mangochi kumene kulinso sukulu ya zausodzi, akhala akukhoma maboti amene amakoka chilimira usiku ndi usiku. Ngati boti lanu lizikakhala kunyanja n'kumagwira ntchito ya usipa, pitani kwa iwo, musavutike ndi epoxy. Koma silikwanira moyo wa mumzinda. Ndi lolemera, limafuna amuna angapo kuti alisunthe, ndipo likakhala pamtunda milungu ingapo matabwa amanyala, mipata n'kutseguka. Matabwa ake abwino nawonso akusowa: mlombwa wautali ndi wodula, ndipo mkungudza wa ku Mulanje, umene kale unkakhomera maboti, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo.

Pali zinthu zitatu zimene ndikupemphani musayese n'komwe. Mapanelo a aluminiyamu okutira mashopu ndi kulembapo zikwangwani amaoneka okongola ndipo samva mvula, koma pakati pake ndi pulasitiki amene guluu sagwira, ndiye malumikizidwe ake amadalira mariveti ndi silikoni, zomwe funde limamasula. Fomu yoyera yobwera m'makatoni a mafiriji ndi yofooka, polyester amaisungunula pomwepo, petulonso chimodzimodzi. Blockboard ndi MDF zimatupa zikangonunkhiza madzi.

Pulani, mwera ndi malamulo

Zipangizo zabwino siziwombola boti lojambulidwa molakwika. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita opitirira 550, ndipo mwera ukamaomba kuchokera kummwera m'miyezi yozizira umakhala ndi mtunda wonsewo wokuzira mafunde. Boti la pansi pafulati, losavuta kupanga, ndi la padamu ndi m'madambo. Panyanja limamenyetseka mpaka mano kugwedera. Gulani pulani kwa wojambula maboti wodziwika, yokhala ndi mphuno yokwera ndi mimba yosongoka kutsogolo, ndipo musatalikitse kapena kukweza chilichonse mwa nzeru zanu. Pulani ikanena injini ya mahatchi 15, musakolekepo ya 40 chifukwa mwaipeza motchipa. Musanagule, pitani nayo padoko mukaonetse asodzi achikulire. Safunsa anadya phula, ndipo anthu amenewa akangoona chithunzi amadziwa boti limene lidzamwe madzi kumbuyo.

Pansi pa mipando, kutsogolo ndi kumbuyo, mukhale zipinda zotsekeka zoyandamitsa. Lita imodzi ya mpweya imanyamula kilogalamu imodzi, choncho werengani kulemera kwa injini, batire, nangula ndi gawo la anthu okakamira m'mbali, n'kuikapo zochulukirapo. Mabotolo apulasitiki otsekedwa bwino, odzaza m'zipindamo, amathandiza chipinda chikang'ambika. Aliyense wokwera avale jekete yoyandamitsa. Za kalembera ndi kuyezedwa kwa boti kafunseni ku dipatimenti ya zapamadzi musanayambe kudula, makamaka ngati mudzanyamula anthu olipira, ndipo chiphaso chophera nsomba chili ndi ofesi yake ku dipatimenti ya zausodzi. Poyesera koyamba, madzi odekha ali pafupi ku damu la Kamuzu ku Malingunde, koma ndi madzi akumwa a mzinda uno oyang'aniridwa ndi Lilongwe Water Board, ndiye chilolezo chiyambe.

Kwa munthu wa mu Lilongwe amene akupanga boti lake loyamba, la mamita osapitirira asanu kapena asanu ndi limodzi, ine ndikuti pulayiwudi wopambana mayeso a mumphika, epoxy weniweni ndi nsalu yoluka. Ndalama zakunja zipite pa epoxy ndi nsalu, zomwe zimakwana m'makatoni ochepa. Ngati fomu ikukukokanibe, iikeni pomwe imapindula popanda chiopsezo: mipando, zivundikiro ndi denga, zinthu zapamwamba zimene zikapepuka boti limakhazikika bwino pamadzi.

Ndipo musanagule katundu wa boti lonse, pangani zidutswa zoyesera za theka la mita, china cha pulayiwudi, china cha fomu, ndi nsalu yomweyo imene mukufuna kugwiritsa ntchito. Muzilumikize pakona ndi tepi monga mudzachitire pa boti. Zikauma sabata imodzi, zipondeni, zimenyeni ndi hamala, zikhwekhwerezeni pamiyala zitasenza njerwa, kenako muziviike mumgolo wa madzi mwezi wathunthu, mutaziyeza pasikelo musanaviike ndi mutavuula. Pakona pakathyoka, yang'anitsitsani pothyokapo. Ngati mtengo kapena fomu yang'ambika n'kutsalira pa tepi, kamatidwe kanu kali bwino. Ngati tepi yasendeka yoyera, bwererani ku sikelo ndi sandipepa musanadule bolodi loyamba.